Masamba Anayi a Lachisanu

Nyuzipepala yathu inkatuluka Lachisanu,
masamba anayi basi,
koma mvula ikakula inkatuluka Loweruka
chifukwa denga linkadontha
pamakina penipeni.

Anaiyambitsa ndi Eleuterio Barría,
wogulitsa misomali ndi zingwe za maboti,
amene anapsa mtima tsiku lina
sitima itanyamuka padoko osauza munthu.
Anakagula makina akale ku Valparaíso,
mabokosi asanu ndi limodzi.
Potsitsa, limodzi linagwera m'madzi,
n'chifukwa chake kwa zaka ziwiri
tawuni yathu inalibe R wamkulu.

Za chaka cha chivomezi ndinachita kumva.
Akuti nyanja inabwerera m'mbuyo ngati ikukoka mpweya
kenako inalowa mpaka m'tchalitchi.
Sabata imeneyo anasindikiza tsamba limodzi,
mayina okhaokha,
amoyo kumanzere, osowa kumanja.
Mayi anga anadzipeza ali kumanja.
Anapita kukadandaula, matope ali m'miyendo,
ndipo Barría anawagwira mapewa, misozi chuchuchu,
nati, cholakwa ichi chokha ndachikonda.

Ine ndinalowa ntchito ndili mtsikana,
wosaka zolakwika.
Ndinkawerenga nthawi ya mafunde,
mtengo wa mbatatesi pathumba,
nkhosa yosochera yong'ambika khutu,
wabadwa ndani, wakwatiwa ndani,
wamira ndani.
Inki inalowa m'zikhadabo zanga
ndipo sopo anagonja.

Nthawi ya asilikali ndinaiona ndi maso anga.
Lachinayi usiku kunkabwera bambo waulemu,
wonunkhira mafuta ometera,
pensulo yofiira ili m'thumba la malaya.
Pamene wadula sitinkaikapo china.
Tinkangosiya poyera.
Anthu anaphunzira kuwerenga poyerapo,
kuyeza ndi chala kukula kwake
ali chete pamzere wogula buledi.
Sabata imene anatenga mphunzitsi Nibaldo Oyarzo
poyera panali ngati chikhatho cha munthu wamkulu.

Ndisaname kuti tinali olimba mtima masiku onse.
Kampani yoweta nsomba itaipitsa gombe
tinalemba patatha miyezi itatu,
mizere isanu, pansi pa zotsatira za mpira,
popeza tsamba lachinayi lonse linali malonda awo
ndipo malipiro athu ankachokera pomwepo.
Nkhani imeneyo ndinaiwerenga kawiri.
Inalibe cholakwika ngakhale chimodzi.
Mpaka lero imandiyabwa.

Pofika Lolemba nyuzipepala inkasintha ntchito.
Inkatseka mphepo m'ming'alu ya mawindo,
inkayatsa mbaula,
inkamwa madzi m'nsapato za asodzi.
Kumsika ukanapeza nkhope ya meya
itakulunga nkhanu ziwiri,
ndipo palibe ankaona chachilendo.

Sitinafe tsiku limodzi ayi.
Tinayamba kutuluka kawiri pamwezi,
kenako kamodzi,
kenako mdzukulu wa Barría anabwera ndi makiyi
ndi munthu wogula zitsulo zakutha.
M'nyumba muja tsopano amakonzamo mafoni.
Denga likudonthabe,
aikapo chidebe cha pulasitiki.

Zakale zonse zili m'chipinda cha pansi kulaibulale.
Ndimapitako Lachisanu, mwachizolowezi,
kukazitembenuza kuti chinyezi chisazidye.
Sabata yatha kunabwera mnyamata wa ku Santiago,
jekete lake lopyapyala losadziwa mvula yathu.
Anati akufuna agogo ake aamuna,
kwawo sawatchula,
chithunzi chilipo chimodzi, chodulidwa m'mbali.
Nditamva dzina sindinafunse chaka.
Ndinatsitsa mtolo, ndinamasula chingwe,
ndinatsegula tsamba lachiwiri.

Anayang'ana pamwamba, anayang'ana pansi,
nati, mayi, palibe chimene analembapo.
Ndinati, ndi pomwepo.

Anakhala kaye.
Kunja boti la madzulo linaliza lipenga.
Kenako anaika dzanja lake poyera paja
ndipo linakwana ndendende,
zala zonse zisanu,
pakati pa mtengo wa ubweya
ndi nthawi ya mafunde a mawa lake.